Bulangete la Ubweya wa Nkhosa: Mawu kwa Amalawi a ku Springfield

 

Mwezi wa Meyi uno, inu amene mumadzuka mbandakucha kukadikira takisi mwamva kale kuti mphepo yatembenuka. Anzathu a ku Johannesburg amati ku Durban kulibe chisanu, ndipo mbali ina akunena zoona. Kuno mu Juni ndi Julayi usiku kumazizira kufika madigiri 10 kapena 11 basi, pamene kwawoko madzi amaundana panja. Koma wonena zimenezi sanagonepo m'nyumba ya malata m'mphepete mwa mtsinje wa Umgeni, nkhungu itatsikira m'chigwa, chinyezi chitalowa m'matiresi ndi m'zovala zomwe. Sanalonderepo geti la fakitale ku Springfield Park usiku wonse, mphepo ikuchokera ku mapiri a Drakensberg kutagwa chipale. Chisanu cha kuno n'chonyowa, ndipo chisanu chonyowa chimalowa m'mafupa.

M'masabata akubwerawa ambiri a ife tilowa m'mashopu a pikulitsa a kuno ku Springfield kukagula mabulangete, lina lofunda ife, ena otumiza kumudzi. Ndalama zimene zithere pamenepo ndi za thukuta, ndipo si zochepa. Ndiye ndati tikambirane za chinthu chimene tikukagulacho: chinachokera kuti, anachiwomba ndani, chapangidwa ndi chiyani, ndipo amene tikumupatsayo chikukamuuza chiyani.

Tiyambire kwathu. Nkhosa zathu zamchira wonona zija zilibe ubweya woti munthu n'kupota ulusi. Cheya chake n'chachifupi ndi cholimba. Motero makolo athu chofunda cha ubweya sankachidziwa. Ankafunda zikopa, ankafunda chiwondo, nsalu ija ya khungwa la mombo limene ankalisenda, kuliviika ndi kulimenya mpaka lifewe ndi kutambasuka. Ku chigwa cha Shire, Amang'anja ankalima thonje, kupota ulusi ndi kuwomba nsalu yawoyawo, ndipo David Livingstone podutsa kumeneko mu 1859 anaipeza ntchitoyi ili m'midzi yambiri. Komabe chofunda chenicheni chinali moto. Chikuni chinkagona chikunyeka pakati pa nyumba mpaka tambala kulira, ndipo agogo ambiri amene tinawapeza anali ndi zipsera za moto m'miyendo. Chisanutu kwathu chilipo. Funsani a ku Dedza, a ku Ntcheu, a ku Mzimba. Funsani a ku Thyolo ndi Mulanje za chiperoni, mphepo ya mvula yowaza ija yochokera cha ku phiri la Chiperone ku Mozambique, imene ikagwira imatha masiku dzuwa osaoneka.

Gombeza linayamba kulowa m'midzi kudzera mwa amishoni, m'masitolo a Mandala ndi a Amwenye, ndiponso m'katundu wa asilikali obwera kunkhondo. Koma amene analifalitsa kwenikweni ndi amuna opita kutali kukafuna ntchito. Atsamunda ataika msonkho, mwamuna wopanda ndalama analibe mtendere pamudzi. Ena anayenda wapansi mpaka ku Salisbury, ku Bulawayo, ku Wankie, ena mpaka ku Joni. Ena anapita pa selefu, ena analembedwa ndi Wenela, imene dzina lake lidakalipo pa depoti ya mabasi ku Blantyre. Pofika chaka cha 1973 Amalawi ogwira ntchito m'migodi ya dziko lino la South Africa anaposa 100,000. Ulendowu unaduka pa 4 Epulo 1974, ndege ya Wenela itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi 74 amene ankabwerera kwawo, ndipo Kamuzu analetsa kulemba anthu. Pambuyo pake kunabwera Theba, nayonso inatha mu 1988.

Mwamuna akatsika kuchokera ku Joni, mudzi wonse unkayang'ana zimene watsitsa: sutikesi yachitsulo, njinga, wailesi, jasi, ndi mabulangete. Limodzi la amayi ake. Limodzi la apongozi. Limodzi la mkazi amene wasunga nyumba, ana ndi munda iye kulibe. Wobwera wopanda bulangete la amayi ake ankakhala ndi mlandu umene sufuna bwalo. Mtchona naye, amene zaka zamuthera kutali, akafuna kuti kwawo adziwe kuti sanawataye, ankapatsira mnzake gombeza. Mwambo umenewu ndi umene tikupitiriza ife tikamamanga katundu wopereka kwa matransipota, kuti adutse Beitbridge, Nyamapanda, Tete, mpaka akalowe pa Mwanza kapena pa Dedza.

Nanga mabulangete amene ambuye athuwo ankanyamula ankawombedwa kuti? Ambiri otsika mtengo a nthawi imeneyo ankachokera mumzinda uno wa Durban. Mu 1925 boma la dziko lino linakweza msonkho wa katundu wochokera kunja pofuna kuteteza mafakitale a m'dziko momwe, ndipo mabulangete anali m'gulu la katunduyo. Munthu wina wochokera ku Lithuania, dzina lake Philip Frame, anaona mpata n'kuyamba kuwomba mabulangete kuno m'zaka za m'ma 1920. Msika wake unali anthu akuda: a m'midzi, a m'mafamu, ndi amuna a m'makomboni a migodi amene ankagona pa mabedi a simenti ku Witwatersrand, kumene chisanu sichichita masewera. Kampani yake inakula mpaka kukhala ndi mafakitale ku Jacobs, ku New Germany ndi madera ena, n'kusanduka imodzi mwa makampani aakulu kwambiri owomba mabulangete padziko lonse.

Bulangetelo linkatsika mtengo chifukwa malipiro a oliwomba anali otsika. Pa 9 Januwale 1973, antchito pafupifupi 2,000 a pa fakitale ya njerwa ya Coronation Brick and Tile, kutsidya kwa Umgeni yemweyu, ananyanyala ntchito. Ankalandira R8.97 pa sabata. Mwezi usanathe, antchito a Frame ku New Germany nawonso anazimitsa makina, ndipo sitalaka inafalikira m'mafakitale a mzinda wonse, mpaka onyanyala anaposa 60,000 m'miyezi itatu. M'chaka chomwecho owomba nsalu anakhazikitsa bungwe lawo la National Union of Textile Workers, ndipo mzere umenewo ndi umene unadzafika pa COSATU, imene inabadwira kuno ku Durban mu 1985. Ife Amalawi nkhani yotere si yachilendo kwa ife. Clements Kadalie wa ku Chifira ku Nkhata Bay ndiye anayambitsa bungwe la antchito la ICU ku Cape Town mu 1919, ndipo nthambi yake ya ku Durban inali yamphamvu zedi. Ndimafuna achinyamata athu azidziwa kuti manja amene ankawomba zofunda za ambuye awo ndi omwewo amene anagwedeza boma la tsankho.

Mafakitale ajawo lero ambiri ali zii. Pambuyo pa 1994 msonkho woteteza uja unatsitsidwa, nsalu ndi mabulangete a ku China zinasefukira, ndipo mu 2009 gawo lalikulu la Frame linatsekedwa, anthu pafupifupi 1,400 n'kuchotsedwa ntchito. Kwathunso nkhani ndi yomweyo. Akuluakulu muli panonu mukulidziwa bulangete la Chiperoni lowombedwa ku Blantyre, loyabwa pang'ono koma lopezeka m'nyumba iliyonse, limene ambiri tinanyamula popita ku sekondale yogonera komweko. Kaunjika ndi katundu wa kunja zinalikankhira kumbali.

Tsopano tikwere phiri. Mukachoka kuno kulowera ku Underberg n'kukwera msewu wokhotakhota wa Sani Pass, mumafika ku Lesotho, dziko limene malo ake otsika kwambiri ali pafupifupi mamita 1,400 pamwamba pa nyanja yamchere, ndipo phiri lake lalitali, Thabana Ntlenyana, limafika mamita 3,482, kuposa Sapitwa wathu. Kumeneko chipale chimagwa chaka ndi chaka. Mbusa wa nkhosa ali pa hatchi, mayi akupita kutchalitchi, nduna ikulowa ku nyumba ya malamulo, onse avala bulangete. Ndati avala, chifukwa kwa Abasotho bulangete ndi chovala cha masana. Bambo amalimanga ndi pini wamkulu pa phewa lamanja kuti mkono ukhale womasuka, mayi amalimanga pachifuwa.

Kalelo iwonso ankafunda zikopa, ndipo chikopa cha nyalugwe chinali cha mafumu. Abasotho amasimba kuti cha m'ma 1860 wamalonda wina wachizungu anapatsa Mfumu Moshoeshoe I bulangete la ubweya, mfumuyo n'kulikonda, n'kumalivala paphewa m'malo mwa chikopa. Anthu anatsatira mfumu yawo. Koma sichinali chikondi chokha. Nyama zakutchire zinali zitachepa, anthu atapanikizidwira kumapiri chifukwa cha nkhondo zolimbirana malo ndi azungu a ku Orange Free State, ndipo mu 1896 ndi 1897 mliri wa rinderpest unapulula ng'ombe kum'mwera konse kwa Africa. Zikopa zinasowa, chisanu chili pomwepo. Amalonda awiri apachibale, Donald ndi Douglas Fraser, amene anatsegula sitolo yawo yoyamba ku Liphiring mu 1877, anayamba kuitanitsa mabulangete ku England, ku fakitale ya Wormald and Walker mumzinda wa Dewsbury.

Apa ndi pamene pali nkhani imene imandigwira mtima. Bulangete la Abasotho silinawombedwepo ku Lesotho. Poyamba linkachokera ku England, lero limawombedwa ku Randfontein, kumadzulo kwa Johannesburg, ndi kampani ya Aranda imene banja la Magni lochokera ku Prato ku Italy linakhazikitsa mu 1953. Ubweya Abasotho ali nawo wambiri, nkhosa za merino ndi mbuzi za angora zadzaza mapiri awo, koma wambiri umagulitsidwa kunja usanapotedwe. Ndiye munthu angafunse kuti chinthu chowombedwa ndi alendo, pa makina a alendo, chingakhale bwanji cha makolo? Yankho langa n'lakuti Abasotho sanalandire chilichonse chimene wamalonda anawatambasulira. Anasankha, anakana, analamula. Mitundu imene sanaifune inatsalira m'mashelefu, ndipo fakitale inaphunzira kumvera ogula.

Onani mizere ija yoyenda m'mbali mwa bulangete lililonse la Chisotho. Amati poyamba inali kulakwa kwa makina, koma eni ake anaikonda, ndipo mpaka lero bulangete lopanda mizereyo salilandira. Polivala mizereyo iyenera kuyima chilili, kuchokera kumwamba kutsika pansi. Kuigoneka chopingasa amati kumapinimbiritsa munthu, pa msinkhu ndi pa chuma pomwe. Palibe mzungu wa ku Dewsbury amene anawaphunzitsa zimenezo.

Onaninso zojambula zake. Mu 1897 kunatuluka bulangete lotchedwa Victoria England, pokumbukira zaka 60 za ufumu wa Mfumukazi Victoria, amene Abasotho ankamuona ngati mtetezi wawo chiyambire 1868, pamene Britain inavomera pempho la Moshoeshoe loti iteteze dziko lake. M'zaka za m'ma 1930 wamalonda wa ku Leribe, Charles Robertson, anatulutsa Seanamarena, limene poyamba linali la mafumu ndi akazi awo, ndipo mpaka pano ndilo lolemekezeka kuposa onse. Pa Seanamarena lodziwika kwambiri pali chinthu chimene Mmalawi aliyense angachizindikire ali patali: ngala za chimanga, chizindikiro cha kubala ndi chuma. Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha kunabwera lina lotchedwa Badges of the Brave, lokumbukira asilikali, poti amuna a ku Lesotho pafupifupi 20,000 anapita kunkhondoko, monga anapitira ambuye athu a gulu lankhondo la KAR ku Burma. Pali lina lojambulidwa ndege za Spitfire, chifukwa Abasotho anasonkha ndalama zogulira Britain ndege zimenezo. Pali Kharetsa, lojambulidwa chomera chamasamba ozungulira chimene chimamera m'mapiri a kwawoko mokha. Mu 2007, atabadwa Kalonga Lerotholi, mwana wa Mfumu Letsie III, kunatuluka Motlatsi. Mnyamata wopita ku chinamwali ali ndi lake, potuluka amavala lina. Mkwatibwi ali ndi lake, ndipo mayi akabereka mwana woyamba mwamuna wake amamupatsa lina. Munthu wa ku Lesotho akaona mnzake akubwera, amadziwa zambiri za iye asanapatsane moni.

Dziko lonse linadzalidziwa bulangeteli litaoneka mu filimu ya Black Panther mu 2018, ndipo kampani ya zovala zodula ya Louis Vuitton inatengerapo zojambula zake, zimene zinakwiyitsa anthu ambiri ku Lesotho poona kuti phindu likupita kwa ena. Mkwiyo umenewo ndimaumvetsa. Munthu sakwiyira chinthu chimene sichake.

Ndikayerekeza ndi ife, mtima umandiwawa pang'ono. Bulangete takhala nalo zaka zoposa 100. Timalipereka kwa apongozi, timafunditsa maliro, timanyamula popita kukadikirira wodwala kuchipatala, amayi amagona nalo pa siwa, anyamata amapita nalo ku jando m'miyezi yozizira. Ulemu tinaupereka. Koma pa bulangete lathu palibe nyanja, palibe chambo, palibe Mulanje, palibe chimanga chathu. Timagula lojambulidwa kambuku wa ku Asia kapena maluwa amene sitinawaonepo. Pa chitenje tinakwanitsa: mpingo uliwonse, chipani chilichonse, ukwati waukulu uliwonse uli ndi nsalu yakeyake, ndipo fakitale imasindikiza zimene ife tanena. Pa bulangete sitinayambe talamulapo.

Tibwere tsono ku shopu, pamene ndalama zili m'manja. Mabulangete ambiri amene aunjikidwa m'mashopu a Springfield, olemera ndi osalala aja a 2 ply ndi 3 ply obwera m'zikwama zoonekera mkati, si a ubweya wa nkhosa ayi. Ndi a acrylic kapena polyester, ulusi wochokera ku mafuta a pansi pa nthaka, wachibale wa pulasitiki. Amafunda, amachapika mosavuta, mtengo wake ndi wofikirika, ndipo palibe manyazi kugula chimene thumba lalola. Ngakhale mabulangete a Chisotho ali pawiri: apamwamba ndi a ubweya pafupifupi 90 peresenti ndi thonje pang'ono, otsika mtengo ndi a acrylic. Chimene ndikukana ine n'chakuti munthu alipire mtengo wa ubweya n'kupatsidwa pulasitiki, kapena aziganiza kuti kulemera ndiko kufunda.

Ubweya umafunda chifukwa tsitsi lake n'lopotanapotana, ndipo pakati pake pamatsekeka mpweya. Mpweya wosayendawo ndiwo umasunga kutentha kwa thupi. Chachiwiri, ubweya umamwa chinyezi chofika pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a kulemera kwake usanamveke kunyowa m'manja. N'chifukwa chake mbusa wa ku Mokhotlong mvula yowaza ikamupeza kuphiri amakhalabe wofunda, ndipo n'chifukwa chake ubweya umayenerana ndi chisanu chonyowa cha ku Durban ndi chiperoni cha kwathu. Pansi pa bulangete la pulasitiki thukuta limasowa kolowera, munthu amadzuka pakati pa usiku atanyowa, akalivundukula mphepo n'kumumenya.

Chachitatu ndicho chachikulu kwa ife okhala m'malo othithikana. Ubweya sugwira moto msanga. Umafuna kutentha kopitirira madigiri 500 kuti uyake, ndipo ukachotsa lawi nthawi zambiri umazima wokha n'kusiya khala lofumbutuka. Acrylic amayaka mofulumira, polyester amasungunuka, ndipo zosungunukazo zimamatirira pakhungu. Tonse tikudziwa kuti ku Kennedy Road, pafupi pomwepa, moto wapsereza nyumba kambirimbiri, ndipo nthawi zambiri gwero lake limakhala kandulo, sitovu ya palafini kapena mawaya a magetsi. M'nyumba imene muli ana ndi kandulo, mtundu wa bulangete si nkhani ya kukongola. Ndipo poti tatchula moto, ndikupempheni: musagone ndi mbaula m'nyumba yotseka. Makala amatulutsa mpweya wosaoneka, wosanunkha, umene umagonetsa munthu tulo tosadzuka. Chaka chilichonse m'dziko lino mabanja amatha motere. Ndi bwino kuwonjezera chofunda kusiyana ndi kulowetsa mbaula. Kwa amayi a makanda, gombeza lolemera lisafike kumaso kwa mwana.

Mungalizindikire bwanji la ubweya? Choyamba werengani kansalu kosokeredwa m'mphepete, pamene pamalembedwa zimene apangira, ndipo ngati kalibe, funsani chifukwa chake. Chachiwiri ligwireni. La ubweya silitelera m'manja, limakhala lokhakhala pang'ono, ndipo mukalifinya limabwerera. Ngati muli nalo kale kunyumba ndipo mukukayika, sololani kaulusi kamodzi m'mphepete, mukatenthe panja ndi machesi. Ubweya umanunkha ngati mmene umanunkhira mutu wa mbuzi pouwaula, ndipo phulusa lake limafumbutuka ndi chala. Pulasitiki amasiya kambulu kakuda kolimba.

Inu achimwene amene mwapeza banja kuno kwa Azulu, mvetserani bwino, chifukwa apongozi anu pa nkhani ya bulangete sachita chibwana. Pa mwambo wa umembeso, mwamuna amapereka mphatso kwa makolo ndi abale a mkazi, ndipo mabulangete ndiwo amatsogola. Pa umabo, mkwatibwi naye amapereka mabulangete ndi mikeka kwa abale a mwamuna, wina aliyense kuitanidwa ndi dzina pamaso pa anthu, n'kufunditsidwa pomwepo. Ngakhale amene anamwalira amakumbukiridwa, wina n'kulandira m'malo mwawo. Banja la mkazi limapereka mndandanda wa maina, ndipo kudumpha azakhali amodzi ndi chilonda chimene chimatenga zaka. Pezani ankhoswe odziwa mwambo wa kuno, ndipo musapeputse mndandandawo. Amaxhosa ali ndi bulangete lawo loyera lamzere wofiira la anyamata a kuchinamwali, Amandebele ali ndi lamizere yowala la amayi okwatiwa. Tili pakati pa anthu amene amawerenga bulangete, ndipo mlendo wanzeru amaphunzira kuwerenga nawo.

Pali bulangete linanso limene ambiri m'chipinda chino analifundapo, ndipo sindingalidumphe. Ndi lotuwa lija, lopanda duwa, lopanda dzina, logawidwa pa tsoka. Mbiri yake ndi yakale. Mu 1813 munthu wina wa ku Batley, pafupi ndi Dewsbury yemwe uja, dzina lake Benjamin Law, anapeza njira yong'amba zovala zakutha za ubweya mpaka zibwerere kukhala ulusi, n'kuwombanso nsalu yatsopano. Mzinda wa Prato nawo unatchuka ndi ntchito yomweyo. Mabulangete a asilikali, a akaidi ndi a osauka ankachokera m'sanza zotere, ndipo ambiri otuwa a masiku ano amapangidwabe ndi ulusi wa nsalu zakale. Malo ano amalidziwa tsoka kuyambira kale. Mu Okutobala 1917 Umgeni anasefukira pa Springfield Flats, pamene panali minda ya ndiwo zamasamba ya Amwenye, ndipo asodzi asanu ndi mmodzi otsogozedwa ndi Mariemuthoo Padavatan anapulumutsa anthu 176 ndi bwato lawo. Mu 2015 abale athu othamangitsidwa pa ziwawa zodana ndi alendo anagona m'matenti ku Isipingo, ku Chatsworth ndi ku Phoenix, mpaka boma la Malawi linatumiza mabasi. Mu Malichi 2019 ena anathawa ku Burnwood n'kukagona pa polisi ya Sydenham. Mu Epulo 2022 madzi anapha anthu oposa 400 m'chigawo chino, ndipo chaka chotsatira namondwe Freddy anakokolola Chilobwe ndi midzi ya ku Mulanje ndi Phalombe. Konseko chinthu choyamba chimene munthu wotsala ndi zovala za m'thupi zokha anapatsidwa chinali bulangete. Mabungwe monga Gift of the Givers, limene Dr Imtiaz Sooliman anayambitsa mu 1992, mipingo, mizikiti, ndi anansi athu Azulu ndi Amwenye amene maina awo sanalembedwe paliponse, anatifunditsa osafunsa pasipoti. Paja amati chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Pogula chaka chino, amene mungathe onjezani limodzi, mulisiye kwa abusa kapena kwa shehe, lidikire amene adzalifune. Kumbukiraninso odwala athu amene agonekedwa ku chipatala cha King Dinuzulu kuno ku Springfield opanda wachibale wowazonda.

Amene mwaganiza zosunga ndalama kuti mugule limodzi la ubweya, la inu kapena la mayi anu kumudzi, dziwani kuti likasamalidwa limatha zaka zambiri, mpaka ana kulipeza. Silifuna kuchapidwa kawirikawiri. Kulikung'untha ndi kuliyanika pamphepo n'kokwanira nthawi zambiri. Likada, madzi akhale ozizira, sopo wofewa, osalitikita, osalimenyetsa pamwala, osalipotokola, chifukwa madzi otentha ndi kutikita zimachititsa ubweya kugwirana n'kufupika, ndipo ukafupika subwereranso. Liyanikeni pamthunzi litagona, kuti kulemera kwa madzi kusalikoke. Chilimwe chikafika, liume gwa musanalisunge, poti chinyezi cha kuno chimabala chuku, ndipo mulitsekere m'chikwama chimene njenjete singalowe. Potumiza kumudzi, auzeni olandirawo zonsezi pafoni, chifukwa kwathu chilichonse chimapita kumtsinje ndi sopo wamtanda.

Mawu anga otsiriza apite kwa atelala, poti mumzinda uno muli ambiri, ndipo masuti ndi madiresi ambiri a maukwati a kuno amatuluka m'manja mwanu. Mayi wina wa ku Lesotho wokonza zovala, Thabo Makhetha, anatchuka posoka majasi ndi majekete kuchokera ku mabulangete a kwawo, ndipo zovala zake zinafika pa ziwonetsero za kunja. Inu makina muli nawo, luso muli nalo, ndipo chitenje mumachidziwa kuposa wina aliyense. Tengani bulangete la ubweya la mtundu umodzi, mulisokere mphepete ya chitenje cha kwathu, cha mpingo, cha Amayi a Mvano, cha mbumba imene ikukonza chinkhoswe. Sokerani mlonda jasi lofika m'mawondo lokhala ndi chitenje mkati. Yambani ndi awiri kapena atatu nyengo ino, muwabweretse tikadzakumananso, tidzawagwire ndi manja, tidzakambirane mtengo wake, ndipo amene tili ndi maukwati m'tsogolomu tidzaike maoda.